Mwana wanga apite ku Chicago kapena kumidzi ya ku Montana? Nkhawa yanga ndi mfuti

Mayi wa ku Chinamwali:

Ndikupereka moni kwa nonse, makamaka inu amene mukukhala ku America. Mwana wanga wamkazi, yemwe ndi namwino, wapeza mwayi wa ntchito malo awiri: pachipatala china chachikulu mumzinda wa Chicago, ndiponso pachipatala chaching'ono m'katauni kena ka kumidzi m'chigawo cha Montana. Malipiro ake sakusiyana kwenikweni. Bambo ake atemetsa nkhwangwa pamwala kuti apite kumidziko, chifukwa nthawi zonse tikamva za kuwomberana pa wailesi, dzina limene limatchulidwa ndi la Chicago. Nanenso mtima wanga unali komweko, koma mwanayo akuti anawerenga kuti kumidzi ndi kumene anthu amafa kwambiri ndi mfuti. Zimenezi zandizunguza mutu, pakuti kwathu kuno za mbava za mfuti timazimvera m'tauni, osati kumudzi kumene anthu amadziwana mayina. Kodi zoona zake ndi ziti?

Namwino wa ku South Bend:

Mayi, mwana wanuyo sanawerenge zabodza, komanso bambo ake sanamve zabodza, kungoti aliyense akunena za imfa ya mtundu wosiyana ndi wa mnzake. M'chaka cha 2021, anthu pafupifupi 48,800 anafa ndi mfuti ku America, malinga ndi bungwe la boma loona za matenda la CDC. Mwa anthu amenewa, 54 pa 100 alionse anadzipha okha, pamene 43 pa 100 alionse anachita kuphedwa ndi anthu ena. Nkhani za pa wailesi zimakonda gulu lachiwirili, chifukwa munthu amene wadzipha m'chipinda chake pafamu sajambulidwa ndi atolankhani.

Mukaphatikiza magulu awiriwa n'kuwerengera pa anthu 100,000 alionse, midzi ndi imene imaposa. Chaka chomwecho, chigawo cha Montana chinataya anthu pafupifupi 25 pa 100,000 alionse, pamene Illinois, mmene muli Chicago yemweyo, chinataya pafupifupi 16. Mississippi ndiye anali pamwamba ndi anthu pafupifupi 34, ndipo Massachusetts anali pansi penipeni ndi anthu osakwana 4. Kafukufuku wina amene anatuluka mu 2023 m'magazini ya zachipatala ya JAMA Surgery anapeza kuti kuyambira 2011 mpaka 2020, maboma a kumidzi kwenikweni anali ndi imfa za mfuti zochuluka ndi 37 peresenti poyerekeza ndi a m'mizinda ikuluikulu.

Chimene chimachititsa zimenezi n'chakuti kumidzi mfuti imakhala m'nyumba ngati mmene khasu limakhalira kwathu, ndipo munthu akathedwa nzeru usiku umodzi, chida chimakhala pafupi. Amene amwa mankhwala pofuna kudzipha, ambiri timawapulumutsa akafika kuchipatala msanga, ndipo ochuluka a iwo sadzayesanso. Koma mwa anthu khumi amene agwiritsa ntchito mfuti, pafupifupi asanu ndi anayi sapulumuka.

Wa thiraki:

Ine ndimayendetsa thiraki, ndipo msewu wa I-90, umene umadutsa mu Chicago ndi mu Montana momwe, ndauyenda kambirimbiri. Ndikufuna kuwonjezera zimene ndaona ndi maso, popeza ziwerengero anzathuwa apereka kale. Ku Montana mfuti si chinthu chobisa ayi. Mwezi wa November, nyengo ya uzimba ikafika pachimake, mumatha kuima pothirira mafuta n'kuona galimoto itanyamula gwape wophedwa kumbuyo, mwini wake atavala chovala cha mtundu wa lalanje kuti alenje anzake asamuwombere m'tchire, mfuti yake itagona pampando. Palibe amene amatembenuka kuti aiyang'ane. Kuyambira 2021, munthu wamkulu kumeneko akhoza kuyenda ndi mfuti yobisa m'thupi popanda chiphaso, pamene ku Illinois ngakhale kungosunga mfuti kunyumba pamafunika khadi lochokera kupolisi.

Ndinene mosabisa kuti sindinachitepo mantha ndikamagona m'galimoto ku Montana, koma m'madera ena a kum'mwera kwa Chicago ndimatseka zitseko ndisanazimitse injini. Komabe pali chinthu chimodzi chimene anthu amaiwala, chomwe ndi mtunda. Kumidziko mukhoza kuyenda ola lathunthu osaona nyumba yoyaka magetsi, ndipo munthu akawomberedwa, kaya mwangozi pokonza mfuti kaya pa mkangano wa m'banja, kachipatala kapafupi nthawi zambiri kamangoletsa magazi n'kudikira ndege yoti imutengere ku Billings kapena ku Missoula. Nyengo ya chipale chofewa ndegeyo imathanso kulephera kunyamuka. Mwana wanu, pokhala namwino, ndiye adzakhale wolandira anthu oterowo, mwina pa usiku umene ogwira ntchito ali ochepa kwambiri.

Bambo Nyamazikiti:

Pepani anamwino, ziwerengero zanuzo sindikuzitsutsa, koma ndikuona ngati zikhoza kusocheretsa mayiwa. Iwo sakufunsa za dziko lonse la America. Akufunsa za mwana mmodzi, amene sadzasunga mfuti m'nyumba mwake. Ku Montana, imfa zoposa zitatu mwa zinayi zilizonse za mfuti ndi za anthu odzipha, ndipo ambiri mwa iwo ndi amuna, eni ake a mfutizo. Ngozi imeneyo siilumpha mpanda kukagwera mlendo amene akuchita lendi nyumba yoyandikana nayo. Ngati funso ndi lakuti ndi kuti kumene munthu angawomberedwe ndi munthu wosamudziwa, yankho lake ndi mumzinda, ndipo tisazungulire. Mu 2021 Chicago anataya anthu pafupifupi 800 ochita kuphedwa, ambiri a iwo ndi mfuti, ngakhale kuti pofika 2024 chiwerengerocho chinatsika kufika pa anthu osakwana 600.

Ndatero, koma nawonso bambo a mwanayu asamatenge Chicago ngati mudzi umodzi. Ndi mzinda wa anthu pafupifupi 2.7 miliyoni, ndipo kuwomberanako kwaunjikana m'madera ochepa a kum'mwera ndi kumadzulo, monga Englewood ndi West Garfield Park, kumene ntchito zinatha kalekale ndipo nthawi zambiri achinyamata amawombera anthu amene akuwadziwa. Wokhala ku Lincoln Park, kumpoto kwa mzinda womwewo, amamva nkhanizo pa wailesi monga mmene inu mumazimvera ku Zomba. Ndiponso mukawerengera pa kuchuluka kwa anthu, mizinda yocheperapo monga St. Louis, New Orleans, Memphis ndi Baltimore imaposa Chicago. Dzina lake limamveka kwambiri chifukwa mzindawo ndi waukulu, komanso andale amakonda kuutchula pa misonkhano.

Namwino wa ku South Bend:

Bambo, mfundo yanu ndaimva ndipo mbali yaikulu ndikuvomereza. Pamene sindikuvomereza ndi pakuti ngoziyo siilumpha mpanda, chifukwa mtsikana wobwera kumene kawirikawiri amayamba ndi kukhala m'chipinda cha m'nyumba ya eni ake, kapena amadzapeza bwenzi la komweko, ndipo pamenepo mfuti ija yalowa kale m'moyo wake. Akazi ambiri amene amaphedwa ku America amaphedwa ndi munthu amene akumudziwa, nthawi zambiri mwamuna wawo kapena chibwenzi, ndipo zimenezi sizisankha tauni kapena mudzi. Musaiwalenso kusungulumwa kwa munthu amene wachoka ku Zomba n'kukapezeka kumalo kumene mu December dzuwa limalowa isanakwane 5 koloko, popanda woyankhula naye Chichewa. Kuchokera ku Chicago kufika kuno ku South Bend, kumene kuli Amalawi ambiri ndithu, ndi ulendo wa maola awiri okha.

Mayi wa ku Chinamwali:

Zikomo kwambiri nonse. Ndawawerengera bambo ake mayankho onsewa madzulo ano, ndipo sanasinthe maganizo, koma avomera kuti tisanagamule, mwanayo afunse zipatala zonse ziwiri za kumene antchito atsopano amagona. Ku Chicago atiuze dzina la dera lenilenilo komanso mmene adzayendere akaweruka usiku, ndipo ku Montana afunse ngati m'nyumbamo muli mfuti komanso ngati imatsekeredwa. Bambo Nyamazikiti, akangotumiza dzina la deralo ndidzabweranso kuti mutithandize kuliunika.