Ndikufuna kudzafufuza momwe ubongo umazindikirira nkhope, ndiyambire pati?

Wofunsa: Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni maganizo. Cholinga changa n'kudzakhala wofufuza pa yunivesite pa nkhani ya momwe ubongo umaonera zinthu, kuzindikira nkhope ndi kusunga zokumbukira. Agogo anga atadwala sitiroko maso awo ankaona bwinobwino, koma ife adzukulu ankatizindikira pokhapokha tikalankhula, ndipo chidwi changa chinayambira pamenepo. Amalume amene anandilipirira sukulu akuti ndikutaya nthawi, ndikanachita za unamwino bwenzi ndikuthandiza pakhomo. Mphunzitsi amene ndinawapempha kalata ya umboni sakuyankha foni, komanso laputopu yanga inawonongeka. Kodi ndifunefune malo kunja kapena ndiyambe ndagwira ntchito?

Woyankha woyamba: Zimene zinachitikira agogowo zimatchedwa prosopagnosia. Mu 1997 Nancy Kanwisher ndi anzake anaonetsa ndi makina a fMRI, amene amajambula zigawo za ubongo zimene zikugwira ntchito, kuti kunsi kwa ubongo kuli kachigawo kotchedwa fusiform face area, kamene kamagwira ntchito kwambiri munthu akaona nkhope kusiyana ndi akaona nyumba. Koma ndikuuzeni mosabisa, achimwene: ntchito imeneyi ndi masamu ndi kompyuta. Ngati simudziwa statistics (masamu osanthula zotsatira za kafukufuku) ndi Python (chiyankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta), yambani zimenezo lero, chifukwa chifundo cha agogo sichidzakulemberani pepala.

Woyankha wachiwiri: Mverani amalume anu, mwananga. Mwana wa mchemwali wanga anaphunzira zinthu zozama ku Britain, koma atabwerera anakhala zaka akungolemba makalata ofunsira ntchito. Kuno makinawo mudzawapeza kuti?

Woyankha woyamba: Mayi, musamufooketse mwanayu ndi nkhani ya munthu mmodzi. Ku chipatala cha Queens ku Blantyre kunaikidwa makina a MRI, ojambula mkati mwa thupi, mu 2008, ndipo ndi amene anathandiza kuonetsa kuti ana ambiri omwalira ndi malungo ofika mu ubongo amafa chifukwa ubongo umatupa. Madokotala a komweko amayang'ananso mkati mwa diso kuti atsimikize matendawa. Ana opulumuka ena amatsala ndi vuto la kuphunzira ndi kukumbukira, ndiye ntchito yofufuza ilipo yambiri. Ngakhale Brenda Milner, pofufuza wodwala wotchuka H.M. amene anachitidwa opaleshoni ya ubongo mu 1953 n'kusiya kukumbukira zinthu zatsopano, anagwiritsa ntchito pensulo ndi galasi loyang'anira, n'kupeza kuti dzanja limaphunzira luso ngakhale mwiniwake sakukumbukira kuti anayeserapo.

Woyankha wachitatu: Mukadzamaliza mudzandiyezere anthu amene ndinawakongoza ndalama, pakuti onse nkhope yanga anaiiwala.

Woyankha wachinayi: Pa thandizo lolipirira maphunziro ku Britain, la Chevening limalipirira masters ya chaka chimodzi yokha, pamene la Commonwealth lilinso ndi mwayi wa PhD. Bungwe la IBRO, la ofufuza za ubongo pa dziko lonse, limakonza maphunziro aafupi muno mu Africa, ndipo EEG, yoyezera mphamvu ya magetsi ya mu ubongo, ndi yotsika mtengo kuposa fMRI. Koma simunatiuze: digiri yanu yoyamba ndi ya chiyani, ndipo munakhoza bwanji?

Wofunsa: Zikomo nonse. Chondiwawa n'chakuti amalume auza kale abale onse kuti ndine wamakani.

Woyankha woyamba: Maphunziro aafupiwo sapereka digiri, bambo, ndipo EEG imaonetsa bwino nthawi imene ubongo wayankha, osati malo ake enieni. Mwanayu alembere yekha ofufuza amene mapepala awo wawawerenga, asadikire mphunzitsi wosayankha foni uja.