Thandizeni: mayankho a alimi pa zokolola ndiwakhulupirire bwanji?

Akuluakulu amene mumadziwa za kafukufuku wa manambala, ndigawireni nzeru. Ndikufufuza za zokolola za chimanga pakati pa alimi ang'onoang'ono a ku Thondwe ndi ku Jali kuno ku Zomba.

Pavuta ndi pa muyeso. Ukafunsa kuti munakolola chochuluka bwanji, wina amayankha m'matumba, wina m'ngolo, wina m'ndowa. Matumbawonso ndi osiyana: lilipo la makilogalamu 50, lilipo la 90, ndipo ena amawerenga chimanga chosatong'ola. Chomwe anadya chachiwisi ndi chomwe analipira aganyu sachitchula n'komwe. Enanso amachepetsa dala poganiza kuti tikulemba mayina a olandira thandizo, ndipo ine sindingawadzudzule.

Nditawafunsanso ena mwa iwo patapita masabata angapo, ambiri anabwereza yankho lomwe lija. Mnzanga akuti basi, reliability (kutanthauza kuti muyeso umapereka yankho lomwelo ukaubwereza) ilipo, ndipitirize. Ine mtima sukundivomera, chifukwa sikelo yowonongeka nayonso imapereka nambala yomweyomweyo tsiku lililonse. Nanga validity (kutanthauza kuti muyeso ukuyezadi chomwe ndikufuna kuyeza) ndiyitsimikiza bwanji pamene chimangacho china chili m'nkhokwe, china chinadyedwa kale?

Wina wandiuza kuti ndingoonetsa Cronbach's alpha (nambala yoonetsa momwe mayankho a mafunso akugwirizanirana) yopitirira 0.7. Momwe ndikudziwira, imeneyi imagwira pa mafunso angapo oyeza chinthu chimodzi, osati pa funso limodzi ngati langali. Kapena ndikuphonya?

Pa kukula kwa munda, a National Statistical Office (ofesi ya boma yoona za chiwerengero) amayeza ndi GPS (chida choyezera malo pogwiritsa ntchito setilaiti) mu kafukufuku wawo wa m'mabanja wotchedwa Integrated Household Survey. Kodi GPS ya pa foni ingakwanire pa timinda ting'onoting'ono? Ndipo mndandanda wosinthira ngolo ndi ndowa kukhala makilogalamu ndingaupeze kuti?