Mabatire ndi masipeya akusowa pa galaja usiku: titseke pati?

Makaniko, Nchalo:
Akuluakulu, tithandizane nzeru. Galimoto zogona pa galaja zikumapezeka m'mawa zilibe batire, zina alitaneta ndi magalasi a m'mbali. Mwini wake akafika, mlandu umagwera makaniko chifukwa makiyi anasiya m'manja mwathu. Mlonda mmodzi sakukwanira. Titseke pati?

Wamagetsi a galimoto, Ngabu:
Yambani ndi batire achimwene, ndilo lili ndi msika kuno chifukwa cha masola a m'makomo. Sipanala 10 yokha imalichotsa, ndipo boneti si chitetezo. Batire lisagone m'galimoto. Masulani waya wa negativu poyamba, positivu pambuyo, matani tepi yolembapo nambala ya galimoto, mukalitsekere m'chipinda chokhoma. Pobwezera yambani ndi positivu. Mumuuziretu mwini galimoto kuti wotchi ndi wailesi zidzafufutika, ndipo injini ikhoza kugwedera pang'ono mpaka kompyuta itazoloweranso, asadzati mwaononga ndinu.

Wowotcherera, Bangula:
Kwa galimoto yogona kunyumba, dulani angle iron ya mamilimita 25, ipingase pamwamba pa batire. Mbali imodzi ikhale pa hinjesi, inayo pa loko. Koma chonde ivekeni payipi ya labala, ndipo italikirane ndi mutu wa positivu. Misewu yathu ya mabampuyi chitsulo chimasuntha, chikakhudza mutuwo ndi moto. Catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi cha pa ekizozi, imene amaidula chifukwa cha platinum ndi palladium zili m'katimo, imangireni khola la zitsulo zomangira nyumba za Y10 kapena Y12. Siyani mpata wa zala ziwiri kuti mphepo izidutsa, chifukwa imatentha kwambiri, nanji ndi dzuwa la kuno. Musanawotcherere chotsani batire, ndipo onani kumene payipi ya mafuta yadutsa.

Wogulitsa masipeya, Dyeratu:
Zonsezo n'zoona, koma tinene chilungamo anzanga. Wakuba alitaneta sakaidya, amakagulitsa, ndipo wogula nthawi zambiri ndi ife tomwe. Ngati tikulandirabe katundu wa m'thumba la saka madzulo, maloko azingodulidwa.

Sipeya yakuba imadziulula ukaiyang'anitsitsa. Makaniko amazula pulagi, wakuba amadula mawaya, ndiye mumapeza kachidutswa ka waya kakulendewera pa pulagi, mkuwa ukung'anima chifukwa wadulidwa kumene. Khutu lomangira alitaneta kapena sitata limakhala lothyoka kapena lokalika poti anakanula ndi chitsulo mothamanga. Galasi la m'mbali limabwera tsinde lake litasweka. Batire limakhala ndi malo opalidwa pomwe panali chizindikiro. Kenako mufunseni wogulitsayo kuti yachoka pa galimoto yanji, injini yanji. Mwini weniweni amayankha osaganiza.

Gulani kope la chikuto cholimba. Chilichonse chogwiritsidwapo kale ntchito chilembedwe: tsiku, dzina la wogulitsa, nambala ya chiphaso chake cha unzika, foni, nambala ya galimoto yomwe chachoka, mtengo, ndipo asayine. Mumujambule atanyamula katunduyo. Wokana chiphaso abwerere nazo. Kulandira katundu wakuba ndi mlandu pawokha, ndipo kunena kuti simunadziwe sikukuthandizani ngati munagula motchipa mosayenera.

Makaniko, Nsanje boma:
Bambo, pamenepo pali povuta. Kuno masipeya ambiri ndi a galimoto zakufa kapena zangozi, lisiti kulibe. Tikakana onse tigwira ntchito ndi chiyani?

Wogulitsa masipeya, Dyeratu:
Sindikunena lisiti ya kusitolo ayi. Galimoto yakufa ili ndi mwini wake ndi blue book yake. Pitani komwe ili, muione, mufananize nambala ya chasisi ndi ya m'bukumo, mumasule nokha. Nambala za chasisi za galimoto zochokera ku Japan zimayamba ndi modelo, monga NCP81 ya Sienta kapena NCP51 ya Probox. Brain box yokha, kompyuta ya injini, musaigule mwachisawawa: ngati galimoto ili ndi immobiliser yoletsa injini kulira ndi kiyi wachilendo, siilira popanda kiyi wake wogwirizana nayo, ndalama zalowa m'madzi.

Wamagetsi a galimoto, Ngabu:
Ndionjezere za chizindikiro. Lembani nambala ya galimoto pa alitaneta, sitata ndi malimu ndi makina ozokotera. Osakhoma ndi hamala ndi panchi, aluminiyamu amang'aluka. Pa batire lembani ndi penti malo awiri, amodzi pansi, kapena dindani pang'ono pa chogwirira ndi soldering iron, osati m'mbali momwe muli asidi. Jambulani zonse pa foni. Kupolisi mawu oti "ndi changa" sakwanira, amafuna umboni.

Makaniko wamkulu, Chikwawa boma:
Ana anga, musaiwale pepala lolandirira galimoto. Ikamalowa zungulirani ndi mwini wake, mulembe mtundu ndi saizi ya batire, NS40 kaya N70, tayala la sipeya, jeke, wailesi, magalasi, mafuta ali pati. Musayine nonse. Zimenezi zimakutetezaninso kwa mnyamata wa pa galaja wosinthanitsa batire labwino ndi lakutha, chifukwa wakuba sikuti nthawi zonse amalumpha mpanda.

Chikabedwa, osagwiragwira pamalopo, jambulani, kanenani kupolisi tsiku lomwelo, mudziwitsenso anyakwawa ndi a chitetezo cha m'mudzi. Tumizani zithunzi kwa anzathu kuyambira ku Thabwa mpaka ku Marka, pamodzi ndi ogula zitsulo zakutha, poti katunduyu amayenda ndi M1 yomweyi. Mukamugwira munthu mupite naye kupolisi, osamumenya. Gulu likamupweteka, wonjatwa mukhala inu.

Makaniko, Nchalo:
Zamveka madala. Nanga matayala?

Wowotcherera, Bangula:
Loko nati, yomasulidwa ndi kiyi wake yekha, imodzi pa wilo lililonse. Samalani mazinga: Toyota ndi M12 x 1.5, Nissan ndi M12 x 1.25, mukasokoneza mwapha sitadi. Mangani ndi dzanja, osati ndi mfuti ya mphepo, imadya mano a kiyi. Kiyiyo isakhale mu dashibodi, mwini galimoto aziyenda nayo m'thumba.