Agogo akuonda koma miyendo ikufooka, ndiwathandize bwanji?

Naphiri, physio: Mwaswera bwanji nonse, ndikufuna maganizo anu chonde. Ndili ndi agogo a zaka 71, a shuga komanso BP, mawondo onse awiri nyamakazi. Anali pa ma kg 88, pano ali pa 79 miyezi 4 yokha. Mwana wawo wa ku Johannesburg akusangalala kuti amayi akuonda, ndi amene amatumiza katundu pa basi, tiyi wochepetsa thupi, ma tablet a calcium ndi chibotolo cha glucosamine, mapiritsi amene amati ndi a mawondo. Koma ine zomwe ndikuona sizikundisangalatsa. Kudzuka pa mpando mpaka agwire tebulo ndi manja awiri, kudzuka n'kukhala kasanu kwawatengera masekondi 22, sabata yatha anagwa ku bafa akuti anangoona mdima. Nsima anasiya, usiku amangomwa tiyi uja n'kukagona. Ndipitilize ma exercise kapena ndiyambe ndaima?

A Banda, clinical officer: Tisanapite patali, akumwa mankhwala anji? Onani mu buku lawo la kuchipatala.

Naphiri, physio: Metformin ndi glibenclamide a shuga, HCTZ ndi amlodipine a BP. Diclofenac, wochepetsa ululu, amagula okha mawondo akavuta.

A Banda, clinical officer: Aaa nde mdima uja usakudabwitseni. Glibenclamide imatsitsa shuga kaya munthu wadya kaya sanadye, ndipo mwa okalamba imakhalitsa m'thupi makamaka impso zikayamba kutopa, nde dose imeneyo analemberedwa ali pa 88 akudya nsima masana ndi usiku, pano akugona ndi tiyi basi koma piritsi ndi lomwe lija. Kwinaku HCTZ ikuchotsa madzi ndi potassium, ma tiyi oondetsa ambiri muli senna amene amangotsegula m'mimba, madzi ena ndi potassium wina akupitanso kumeneko. Ma kg ena mwa 9 amenewo ndi madzi chabe. Mawa lomwe muwayeze shuga m'mawa asanadye, ndi BP atagona kenako ataimirira, ya pamwamba ikatsika ndi 20 kapena ya pansi ndi 10 mkati mwa mphindi 3 mwapeza china chowagwetsa. Komanso tisangoti ndi diet, munthu wa zaka 71 wotaya 10% pa miyezi 4 timafunsa za chifuwa, thukuta la usiku, magazi m'chimbudzi, timayeza HIV, shuga wokwera kwambiri nayenso amaondetsa. Abwere ku clinic ya NCD, ya matenda osapatsirana ngati shuga ndi BP, ndi chikwama chonse cha ku Joni chija.

Mayi Mwale, nutritionist: Ndikugwirizana ndi a Banda. Ine ndiwonjezere za m'mbale. Vuto la kuondetsa wokalamba ndi njala ndi loti thupi silisankha, limadya mafuta komanso minofu, ndipo minofu ikapita pa msinkhu umenewo kubwerera kwake ndi kovuta. Masekondi 22 amenewo akunena zomwezo, zikangopyola 15 timayamba kale kuganiza za sarcopenia, kutha kwa minofu ndi mphamvu mwa okalamba. Muwayeze ndi tepi pa katumba wa mwendo, akakhala pansi pa 31 cm ndi chizindikiro china.

Okalamba timawawerengera protein 1.0 mpaka 1.2 g pa kg pa tsiku, kwa agogowa ndingayambire cha m'ma 80 g, ogawa katatu osati kuunjika pa chakudya chimodzi. Sizofuna ufa wa m'chitini ayi. Dzira limodzi ndi 6 g, kapu ya mkaka kapena chambiko 8, kapu ya nyemba zophika cha m'ma 15, soya pieces, phala lotsira nsinjiro, nandolo, ndipo usipa ndi matemba timadya ndi minga yomwe nde calcium ali momwemo. Soya pieces aziphika ndi tomato ndi anyezi, kapepala ka spice kamkati kaja ndi mchere wokhawokha. Nsima abwerere, mtanda umodzi wa mgaiwa, ndiwo zamasamba zambiri. Koma 80 g imeneyo ndikunena ngati impso zili bwino, creatinine, woyeza mmene impso zikugwirira ntchito, atuluke kaye.

Chisomo, rehab tech: Koma akuluakulu mawondo aja sakufunabe kuti achepe thupi? Ife tinaphunzira kuti kg imodzi ikachoka, bondo limapepukidwa ngati ma kg 4 pa sitepe iliyonse. Pa 79 ngati ali aafupi akadali olemera ndithu.

Naphiri, physio: Ndi aafupi, 1.55. BMI, kulemera poyerekeza ndi kutalika, ikubwera 32.9, akadali onenepa.

Mayi Mwale, nutritionist: Zoona Chisomo, koma 10% imene timafuna pa nyamakazi ya mawondo yakwana kale, yangobwera mwa njira yolakwika. Ine ndingati miyezi 3 ikubwerayi sikelo iime pomwepo, timange miyendo, kenako ngati tifuna kutsitsanso zizikhala pang'onopang'ono osapyola theka la kg pa sabata. Kafukufuku wa Villareal wa 2011 ku America anali wa anthu onenepa a zaka 65 kupita m'tsogolo, a diet yokha anataya minofu ndi fupa la m'chiuno kuposa amene anaphatikiza diet ndi ma exercise, ndipo ophatikizawo ndi amene ankayenda bwino kuposa onse.

A Gondwe, pharmacist: Pepani ndachedwa, kauntala inadzaza. Tiyi ameneyo atayidwe, palibe zokambirana. Kupatula senna, zinthu zina zoondetsa zapezekapo zili ndi sibutramine wobisa, mankhwala amene anachotsedwa pa msika mu 2010 chifukwa cha mtima ndi stroke, ndipo amakweza BP. Sindikunena kuti wawowo ali naye koma pa paketi salemba. Calcium nayenso sikuti ndi maswiti, HCTZ imapangitsa kuti thupi lisunge calcium nde ukawonjeza ma tablet akhoza kukwera, komanso amamanga m'mimba, kenako agogo awonjezere tiyi uja kuti atsegule, mwaona mmene zimazungulira. Ndipo anzathu a ku ART, kolandirira ma ARV, kumbukirani calcium amasokoneza dolutegravir amene ali mu piritsi la ma ARV la TLD, nde TLD imwedwe maola 2 calcium asanamwedwe kapena maola 6 pambuyo pake, okalamba a pa TLD alipo ambiri masiku ano ndipo ana awo amawatumizira zomwezi. Glucosamine ine ndilibe naye mkangano waukulu, kafukufuku wamkulu wa GAIT wa 2006 sanapeze kusiyana kwenikweni ndi piritsi lopanda kanthu, nde ndi ndalama chabe zikupita. Chimene ndingafunse ndi vitamini B12, metformin wa zaka zambiri amaitsitsa, ngati akumva dzanzi ku mapazi musangoti ndi shuga. Diclofenac uja akhoza kuwononga impso za munthu wa shuga, mmm.

Chisomo, rehab tech: Ndamva. Nde kumbali ya ma exercise ine ndingati musaime, mungosintha. Kudzuka n'kukhala pa mpando wolimba wotsamira khoma, muike pilo kuti ukwere poyamba, 5 kapena 8 katatu. Kunyamuka pa zala atagwira zenera, kuwongola bondo atakhala, manja azinyamula botolo la malita 2 lodzaza madzi, kuyenda pa khonde mphindi 10 atadya osati m'mimba muli gwa. WHO mu 2020 inati a zaka 65 kupita m'mwamba mphindi 150 pa sabata, zolimbitsa minofu masiku 2, za balance masiku 3, koma agogowa tiwafikitsa kumeneko pang'onopang'ono. Za balance pakhale munthu pambali.

Sister Nkhoma: Zonse mwanenazi ndi zabwino koma mwaiwala munthu mmodzi, wa ku Johannesburg. Mukangoti tayani tiyi, agogo avomera pamaso panu kenako kunyumba amwa, chifukwa kukana zimene mwana watumiza ndi thukuta lake kwa iwo ndi chipongwe. Muwapemphe agogo chilolezo, muimbe video call onse atatu, mwanayo aone yekha mayi ake akulimbana ndi mpando. Musamudzudzule, mumuyamikire kaye, kenako mumupatse list: glucometer yoyezera shuga ndi ma strip ake, tray ya mazira, mkaka, nsapato zosaterera, kampando ka ku bafa ndi chitsulo chogwirira. Anthu akunjawa amangofuna aone kuti ndalama yawo ikugwira ntchito. Mufunsenso amene amaphika pakhomopo ndani, mwina ndi kamdzukulu ka sukulu.

Naphiri, physio: Ndabweranso anzanga. Shuga wa m'mawa ndi wotsika, 61 mg/dL, BP atagona 148/84 ataimirira 121/72, katumba 30 cm, dzanzi ku mapazi lilipo. Adokotala aimitsa glibenclamide, HCTZ akuti aionanso zotsatira zikatuluka, X-ray ya chifuwa ili bwino. Pa paketi ya tiyi senna walembedwa poyamba penipeni. Mwana uja analira pa foni, watumiza kale ndalama ya glucometer. Creatinine yokha sinatheke, ku lab akuti mankhwala oyezera atha, apita ku private Lachinayi.

Mayi Mwale, nutritionist: Podikira ayambe ndi dzira m'mawa ndi nyemba kapena usipa masana, zowonjezera tidzawerengera tikaona impso.

A Banda, clinical officer: Diclofenac asakhudze mpaka Lachinayi, amwe paracetamol. Ndipo auzeni a ku lab konko atengeretu potassium ndi B12 pa magazi omwewo, asawabaye kawiri.