Ndiwafike bwanji malume kuti aike ndalama pa geni yanga ya chiponde?

A admin mundibise dzina chonde. Ndine mtsikana, ndimakhala ku Area 25 ku Lilongwe, chaka chino ndinayamba kupanga chiponde, mtedza ndimakaoda ku Mchinji kwa agogo, ndimakazinga ndekha kenako kukagayitsa kwa munthu wina amene ali ndi makina koma amandidula heve komanso pamzere pake mpaka tsiku kutha. Ndiye ndikufuna makina angaanga. Malume anga abwera kuchokera ku Joni, ndalama ali nazo ndithu, abwerera kumapeto kwa mwezi. Lamulungu ndinayesa kuwayamba nkhaniyi tikudya, iwo anangofunsa kuti botolo limodzi umapeza zingati mwanawe, ine kakasi, chibwibwi chomwe ndilibe chinabwera. Anangoseka nkupitiriza kudya nsima. Abale ndiwafikenso bwanji kuti asandione ngati ndikungopempha ya sopo?

— Funso la malumewo ndi limene aliyense wa ndalama amafunsa, ngakhale mutapita ku bungwe la boma lobwereketsa ndalama za bizinesi kapena ku banki mkhonde. Tengani kope, lembani ndowa imodzi ya mtedza mwagula zingati, transport, makala okazingira, kugayitsa, mabotolo, ma label, mchere, ndiye muone ndowayo yatulutsa mabotolo angati. Chotsala ndiye phindu. Musanamepo, anthu a ku Joni masamu amawadziwa, akakugwirani bodza limodzi basi yatha.

— Sis musakayambe ndi mavuto anu eti. Mukayamba ndi "malume zinthu zavuta" akupatsani ya transport nkukutsanzikani. Apatseni buledi wopaka chiponde chanucho kaye adye, kenako muwaonetse ma message a Airtel Money ndi Mpamba a makasitomala anu, makamaka amene anabweranso kachiwiri. Amenewo ndi mboni zanu.

— Nkhani pakudya sakamba imeneyi, pamakhala azakhali, ana, aliyense ndi khutu. Apempheni nthawi yawo pa awiri. Komanso muganiziretu, ndi ngongole kapena akhala ndi gawo mu bizinesi? Ngati ndi ngongole nenani mubweza zingati pamwezi mpaka liti, mulembe papepala musainirane. Zachibale zopanda pepala zimakathera kwa ankhoswe.

— Palibe wanena za chuku. Mtedza wosauma bwino umagwira chuku chija chotulutsa poizoni wa aflatoxin, ndipo kuti chiponde chilowe mma shop akuluakulu amafuna chizindikiro cha MBS, bungwe loona za miyezo ya katundu. Muwauze malume mmene mumasankhira mtedza, wofwifwa ndi wobooka mumataya, komanso kuti magetsi akazima makina mudzatani. Munthu ukanena wekha poterera asanakufunse amakukhulupirira.

— Ine ndimati pemphani theka, theka lina muonetse kuti mwasunga nokha. Ngakhale zochepa.

Mwini post: Zikomo nonse, ndakhala pansi ndi kope usiku uno, kani makala ndi transport sindimawerengera nkomwe, phindu ndi lochepa kuposa mmene ndimaganizira, mwina bola kuti Lamulungu lija sindinayankhe. Funso lina, mtengo wa makina ndipite ndi quotation yolembedwa ya ku shop kapena screenshot ya pa WhatsApp ikwana? Amalume ake ndi aja osakhulupirira za pafoni.