Ndingakaphunzirenso kuti kutsitsimutsa mwana wosiya kupuma?

Moni nonse m'gulu muno. Ndine dokotala wa ana pachipatala china kuno ku Blantyre. Sabata yatha usiku mwana wa miyezi 8 anasiya kupuma, mtima osagunda, ife n'kuyamba kutsutsana pomwepo. Mnzanga akuti tipsinje pachifuwa ka 15 n'kupopa mpweya kawiri, wina akuti katatu n'kupopa kamodzi. Katatuko n'kwa khanda longobadwa kumene, koma nthawi imeneyo mutu unangoima. Mwamwayi mwanayo anatsitsimuka.

ETAT, maphunziro othandiza mwamsanga ana odwala mwakayakaya, ndinaphunzira kalekale. Ndafunsa akuluakulu athu, akuti ndalama palibe. Mavidiyo a pa YouTube ndaonera, koma manjawa sanazolowere.

Alipo akudziwa kumene akuphunzitsa ETAT panopa, kapena amene angatibwereke chidole choyeserera ndi ambu bag (chipangizo chopopera mpweya m'mapapo) ya ana? Ngakhale Loweruka tibwera.