Gulu la banja: mphatso ya woimba ng'oma wathu

Mayi ake: Mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi nkhani ija ya mphatso ya mtsikana wathuyu. Aphunzitsi ake a nyimbo akuti dzanja ali nalo, koma kunyumba alibe poyeserera, ndiye akuti tikadamupezera snare yakeyake. Ndayang'ana pa intaneti mpaka mutu kuzungulira. Mitengo ikusiyana kutali, koma kwa ine ng'oma zake zikungofanana.

Agogo: Taswera bwino. Ndi ng'oma yanji imeneyo ana inu?

Msuweni: Agogo, ndi ija imakhala pakati pa maondo a woimba. Ili ndi zikopa ziwiri, pamwamba ndi pansi, ndipo kunsi kwake kumadutsa timawaya topotana, kawirikawiri 20. Mukamenya pamwamba timawayato timanjenjemera pa chikopa cha pansi, n'chifukwa chake imalira kuti tswa!

Agogo: Oho. Bola mdzukulu wanga asangalale. Yanga ndisonkha.

Amalume: Chemwali, musavutike. Ndaona seti yathunthu, ng'oma zisanu ndi zimbale zake zomwe, yofiira psuu, yonyezimira. Mtengo wake ukungofanana ndi snare imodzi yokha ya Yamaha. Tingotenga imeneyo kamodzin'kamodzi.

Bambo ake: Alamu, ng'oma zisanu m'nyumba muno? Mukufuna tisamuke?

Mayi aang'ono: kkkkk

Msuweni: Bambo, mundilole nditsutseko pang'ono. Seti yonse ikamagulidwa pa mtengo wa ng'oma imodzi, ndiye kuti pena pake anachotsera. Ndipo amachotsera mosaoneka pa chithunzi. Mabawuti okungira chikopa amamasuka okha, kachitsulo kokweza ndi kutsitsa mawaya kamakhala kofewa, zimbale zake zimalira ngati zivundikiro za mapoto. Mwana amayamba kuganiza kuti iyeyo ndiye sakutha, pamene vuto ndi chida.

Amalume: Iwe, kuimba ng'oma ndinakuphunzitsa ndine?

Msuweni: Ayi Bambo, koma timitengo tanga toyamba munagula ndinu, ndiye muli ndi gawo kkk

Msuweni: Tisanapite patali, Azakhali, mumufunse kaye. Kusukuluko amaimba atakhala pampando pa seti, kapena amaimba akuguba, ng'oma ataikoleka pamapewa? Ndi ng'oma ziwiri zosiyana. Yogubira imakhala yakuya, mainchesi pafupifupi 12, yolemera, chikopa chake chokungidwa zolimba kwambiri, ndipo imafuna chokolekera chake. Tikagula imeneyo pamene iye amaimba pa seti, taluza.

Mayi ake: Ndamufunsa mochenjera kuti asazindikire. Akuti amakhala pampando.

Msuweni: Basi zaphweka. Tifune ya mainchesi 14 m'lifupi, kuya kwake 5 kapena 5.5. Ndiyo saizi yofala, zikopa ndi mawaya ake sizivuta kupeza. Pali zina zing'onozing'ono zimene amati piccolo, zakuya mainchesi 3 kapena 3.5, nthawi zina zimatchipa. Zimalira mokwera kwambiri, ndi zabwino ngati ng'oma yachiwiri, osati yoyambira.

Mayi aang'ono: Nanga izi akulemba kuti ina ndi yachitsulo ina yamatabwa? Ine ndimayesa yamatabwa ndiyo yeniyeni.

Msuweni: Zonse ndi zenizeni, Azakhali. Yamatabwa, monga ya maple kapena birch, imalira monenepa pang'ono. Zotchipa zambiri amapangira poplar, nazonso zimagwira ntchito zikapangidwa bwino. Yachitsulo imalira mowala ndipo imapitiriza kulira ukamenya, ya aluminiyamu kulira kwake kumadukiza msanga. Ine kwa woyamba ndimakonda yachitsulo kapena ya aluminiyamu, chifukwa siiopa chinyezi ngati thabwa, ndipo mwana akaigwetsa siing'aluka. Pa ndalama zochepa, yachitsulo yabwino imapezeka msanga kuposa yamatabwa yabwino.

Bambo ake: Ndiye tinene iti? Tchula dzina, tisamangozungulira.

Msuweni: Maganizo anga ndi awa. Tisagule yatsopano yopanda dzina. Tigule yogwiritsidwapo kale ntchito ya kampani yodziwika, Pearl, Yamaha, Tama, Mapex kapena Ludwig, ndalama yotsala tiikire zikopa zatsopano. Mwayi utatigwera, Ludwig Acrolite. Ndi ya aluminiyamu, 14 kwa 5, anayamba kuipanga mu 1963 ngati ng'oma ya ana asukulu, koma mpaka lero akatswiri amajambulira nayo nyimbo mu situdiyo. Ikapanda kupezeka pa ndalama zathu, yachitsulo ya Pearl kapena Yamaha yochotsedwa pa seti ndi yokwanira.

Amalume: Mphatso yakale? Mwana wa chemwali wanga alandire zotha anthu ena?

Mayi ake: Achimwene, ineyo zinandikhudzanso pamenepo.

Msuweni: Ndikumva. Koma pa ng'oma chimene chimatha ndi chikopa ndi mawaya, ndipo zonsezo zimasinthidwa. Thupi lake limakhala zaka makumi. Ndikaimasula yonse, kupukuta, kudontheza mafuta m'mabawuti, n'kuika chikopa choyera chatsopano, Bambo simudzaizindikira. Komanso mbali yaikulu ya kamvekedwe ili pa chikopa ndi kakungidwe kake. Pamwamba timaika Remo Ambassador coated kapena Evans G1, pansi china chopyapyala kwambiri chopangidwira kunsi kwa snare. Chapansicho sichimenyedwa ndi kamtengo, chimabooka pomwepo.

Agogo: Chikopa cha nyama yanji chimenecho choyera?

Msuweni: Si cha nyama Agogo, ndi pulasitiki yolimba yotchedwa Mylar. Kampani ya Remo inayamba kugulitsa zikopa zotere mu 1957. Zanyama zimakhwefuka kukakhala chinyezi, izi ayi.

Mayi aang'ono: Ine nkhawa yanga ndi makutu. Phokoso lopitirira madesibelo 85 likamamveka nthawi yaitali limaononga makutu, ndipo snare yomenyedwa mwamphamvu imadutsa 100. M'kachipinda kotsekeka ndiye zimanyanya. Makutu akaonongeka motero sabwerera. Zotsekera m'makutu ndigula ineyo, musazichotse pa zosonkha. Koma Achemwali muzionetsetsa kuti akuvala.

Bambo ake: Mugule ziwiri, zina zanga.

Msuweni: Musaope kwambiri. Tigulenso pad, kaja kalabala koyeserera. Ntchito yambiri ya woyamba imachitikira pamenepo, mwakachetechete. Bungwe la Percussive Arts Society linaika mndandanda wa kamenyedwe koyambira 40 mu 1984, ndipo aphunzitsi ambiri amatsata womwewo. Ayamba ndi kusinthana manja, kenako kawirikawiri dzanja lililonse, kenako paradiddle, kuti lamanja lamanzere lamanja lamanja, lamanzere lamanja lamanzere lamanzere. Zonsezi ndi za pa pad. Ng'oma yeniyeni azingoikhudza masana kwa kanthawi, kuti amve mawaya akuyankha.

Mayi ake: Ndiye kuti si ng'oma yokha. Zikuchulukatu.

Msuweni: Eya, mpake tawerengeratu. Pakufunika sitandi yoikapo, timitengo ta saizi 5A, kapena 7A ngati manja ake ndi aang'ono, pad, zikopa ziwiri ndi kakiyi kokungira. Kiyi ndili nawo wapadera ndimupatsa. Zonse tikasonkha, magawo awiri mwa atatu apite ku ng'oma, gawo lotsalalo ku zinazi. Sitandi isakhale yogwedezeka, chifukwa ng'oma ikamavina mwana amazolowera kugwira timitengo molakwika.

Amalume: Chabwino, ndagonja. Koma taonani iyi ndaipeza pompano, akuti Pearl yachitsulo, 14 kwa 5.5, mwini wake anasiya kuimba. Ndatumiza chithunzi.

Mayi aang'ono: Achimwene mwasintha msanga bwanji kkk

Msuweni: Ikuoneka bwino Bambo, koma chithunzi n'chapamwamba pokha. Muwapemphe ajambule kunsi tione mawaya, ajambulenso pambali pamene pali kachitsulo kotsitsira mawaya. Muwerenge mabawuti, akhale onse, 8 kapena 10 mbali iliyonse. Ndipo musalipire ndisanaione. Ndikufuna ndichotse chikopa ndiyendetse chala m'mphepete momwe chikopa chimagona, musakhale pobonyoka. Ndikayesanso ndi tepi m'lifupi mbali ziwiri zopingasana. Ikakhala kuti inapindika sikhalanso yozungulira bwino, ndipo yotero ungaikunge tsiku lonse osalira bwino.

Bambo ake: Ndikuona timadontho ta dzimbiri pa mkombero wapamwambawo. Si vuto?

Msuweni: Tapamwamba chabe timachoka popukuta, ndipo tingatithandize kunenerera mtengo. Choopsa ndi dzimbiri lolowa m'mabawuti mpaka osazungulira, kapena mkombero wopindika.

Mayi ake: Ndiye tichite chonchi. Aliyense atumize yake kwa ine pofika Lachisanu, ndizilemba pano yemwe wapereka kuti pasakhale kudandaula. Achimwene lankhulani ndi mwini ng'omayo. Ndipo chonde, wina asamuuze mwanayu. Amayi, ndikunena inu.

Agogo: Ine? Pakamwa panga n'potseka.

Amalume: Mwini wake wayankha, akuti Loweruka m'mawa ali pakhomo, ndipo sitandi ali nayonso angatiphatikizire. Zithunzi za kunsi atumiza madzulo.

Msuweni: Mufunse ngati sitandiyo mapazi ake a labala alipo onse atatu. Loweruka ndibwera ndi tepi ndi kiyi, mudzanditenge 8 koloko.